Musasese Foni Lamulungu Lino

Okondedwa bambo a Kanyerere,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumapiriko? Msana uja unasiya kupweteka, kapena mukungolimba mtima monga mwa masiku onse? Nanga chifuwa chija munachoka nacho kuno? Ife tadzuka, Mulungu akutisunga. Kanyerere akudya bwino, dzino lina latuluka m'munsi ndipo wayamba kale kundiluma nalo.

Musadabwe kuti ndalemba kalata. Ndayesa kukuimbirani pa foni ya amayi eni nyumba mpaka chala kuwawa, koma kumene mukumanga mlathoko mukudziwa nokha kuti foni sizigwira. Ndiye ndapempha adalaivala a lole ya simenti kuti akupatseni pepalali m'manja mwanu, osati kwa akapitawo, osati kwa mnzanu wina aliyense. Akuti afika kumeneko Loweruka.

Musanawerenge zina zonse, imvani ichi. Foni yanga ija munapita nayo, musaisese. Katsache ka m'foni kaja mumakonda kukadina Lamulungu lililonse mukatha kupukuta nsapato, musakakhudze. Ithimitseni foniyo pompano. Ine ndikudikira. Mwathimitsa? Chabwino, tsopano ndifotokoze.

Paja tsiku lija kuchipatala, adokotala atayang'ana zoyera zija m'maso mwa mwana n'kunena kuti ndi ng'ala, inu munatuluka kukayankha foni ya akapitawo. Zimene ananena mutatuluka ndinakuuzani mwachidule chifukwa ndinaona nkhope yanu yagwa. Anati maso a mwana akakhalitsa mumdima amaiwala kuona. Ngakhale ng'ala adzaichotse bwanji, ngati nthawi yapita, diso limangokhala lotsegula koma osagwira kanthu.

Anati madokotala ochita opaleshoni ya maso a ana amabwera mwa apo ndi apo, ndipo ana ndi ambiri, choncho mzere wake ndi wa pa intaneti. Anamwino anatenga foni yanga, anatsegula tsamba la chipatala, anadina, ndipo panatuluka nambala. Anati mwalowa pamzere mayi, muzitsegula tsambali, nthawi yanu ikakwana lidzakufunsani dzina la mwana. Nambalayo ndinkaiyang'ana m'mawa uliwonse ngati mphika uli pamoto, ndipo inkatsika.

Ine m'mutu mwanga ndinkati malo athu analembedwa kuchipatala, m'buku kapena m'kompyuta yawo. N'chifukwa chake foni yanu itagwera mu ndowa, ndinakupatsani yanga ndekha, ndi manja awiri. Sindikukuimbani mlandu ayi.

Mutangochoka ndinabwereka foni ya amayi eni nyumba kuti ndione pamene tafika. Bambo a Kanyerere, tsambalo silinandidziwe. Linandiika kumchira kwenikweni, nambala yake yaitali ngati ya galimoto. Ndinabereka mwana, ulendo kuchipatala. Pabenchi paja ndinapeza amayi ena akudandaula kuti makina akusinthidwa ndipo anthu ena ataya malo. Anamwino anati iwo za makina sazidziwa, amawayendetsa ndi a kampani ina m'tauni, pa nyumba yosanja ya magalasi ija.

Nditamva za nyumba ya magalasi, ndinadziwa kopita. Mukudziwa amene amagwira ntchito kumeneko.

Ndinapita kwa mlongo wanu. Ndikudziwa munati phazi la m'nyumba mwathu lisakaponde kwa iye, chichokereni tsiku lija munamutcha Mabatani pamaso pa alendo, n'kunena kuti yongokhala pampando n'kumadinadina si ntchito, iye n'kudzuka osadya. Mundikhululukire. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba mwanga munali moto.

Mlonda wa pageti anayamba wayang'ana masilipasi anga, kenako nkhope yanga, kenako masilipasi kachiwiri. Nditatchula dzina la alamu, anaimba foni m'mwamba. Sipanapite nthawi ndinamva phazi likutsika masitepe mothamanga. Anali iwo, kakhadi kakulendewera m'khosi, cholembera chili m'tsitsi. Sanandifunse chimene ndabwerera. Anangomasula mwana kumsana kwanga, amvekere bwera kwa azakhali ako iwe, wakula chonchi osandiuza? Kanyerere anawagwira magalasi n'kuwakoka, iwo kumangoseka. Atamuyang'anitsitsa m'maso, kuseka kunatha.

Chipinda chawo ndi chachitali, matebulo ondondozana, munthu aliyense ali ndi magalasi a kompyuta awiri ngati limodzi silikwana. Mawaya ali pansi ngati mizu. Kumapeto kuli khoma la galasi, ndipo kuseri kwake kwaima makina aatali ngati mafiriji, akungolira mmmm, timagetsi tobiriwira tikuphethiraphethira. Kuzizira kwake alamu anachita kundibwereka juzi.

Ndikuuzeni chimene mwana wanu anachita. Uja satsata nkhope yanga, uja sacheuka ndikamuonetsa supuni, anatembenukira ku timagetsi tija n'kutambasula dzanja. Alamu anamunyamula mpaka pagalasi, iye n'kumamenya ndi kachikhatho. Anati waona mlamu, maso awa sanagone, akufunabe. Ine ndinalira pomwepo pamaso pa anthu a mataye.

Nditafotokoza zonse, anandikhazika pansi. Anatenga makapu atatu a tiyi n'kuwaika pamzere, kutsogolo kwake anaikapo botolo la madzi. Anati makapuwa ndi makompyuta osunga mzere, iwo amati maseva, koma ine ndiziti akalaliki. Ndi angapo chifukwa mmodzi sangathe anthu onse. Botololi ndi makina ogawa anthu, ngati mlonda wa pakhomo amene amati iwe pita kwa uyu, iwe pita kwa uyo.

Anati ukalowa koyamba, mlondayo amasiya kachizindikiro m'foni mwako, dzina lake kuki. Ukabweranso mawa, amayang'ana kachizindikiroko n'kukutumiza kwa kalaliki yemwe uja akukusungira malo. Akalaliki enawo sakudziwa, ukawafikira amakuyesa mlendo. Dzina la mwana amafunsa ukafika kutsogolo. Ukadali pamzere, iwe ndiwe kachizindikiro basi.

Ndinafunsa ngati kali mu simu khadi, chifukwa simuyo mukanangoitumiza mu envelopu. Anati ayi, kali m'foni momwemo. Anavomera okha kuti amene anapanga zimenezi poyamba sanaganize za anthu obwerekana foni ngati ife, ndipo adzakonza, koma nyumba sumaiphwasula anthu ali m'kati.

Apa m'pamene ndinakumbuka katsache kanu. Nditawauza kuti Lamulungu lililonse mumasesa foni kuti izithamanga, alamu anagwira mutu ndi manja awiri. Amvekere achimwene sanasinthebe! Akuti muli ana munkasesa pabwalo mpaka munasesa mbewu zimene amayi anayanika, n'kukazitaya kudzala, kenako n'kuima chilili kudikira kuti akuyamikireni. Anati katsache kameneko kamasesa ndi tizizindikiro tomwe. Ndinaseka.

Ndinkayesa vuto ndi lokhalo, osadziwa kuti pali linzake. Mlonda wakale uja, makina ogawa anthu aja, wakalamba ndipo amatentha, akhoza kufa tsiku lililonse. Anagula watsopano. Koma watsopanoyo amalemba tizizindikiro m'kalembedwe kake, ta wakale sadziwa kuwerenga. Dzulo lake anamuyesa pang'ono, ndipo anthu anayamba kutumizidwa kwa akalaliki olakwika n'kugwera kumchira. Alamu ataona, anabwezeretsa wakale msangamsanga, anthu n'kupezanso malo awo. Ndi zimene ankadandaula amayi a pabenchi aja.

Tili m'kati molankhula analowa abwana awo, bambo wamtali wa tayi yofiira, si munthu woipa ayi koma wotopa. Anati sangadikirenso, wakale akafa yekha ndiye tsamba lonse ligwa, watsopano alowe lero. Anati anthu angoyambiranso, n'kudina kamodzi basi, akwiya tsiku limodzi kenako aiwala.

Bambo a Kanyerere, mukanamuona mlongo wanu. Kamunthu kochepa thupi kaja kanaimirira, nsapato kanali katavula pansi pa tebulo, kanaima ndi masokosi okha. Sanakweze mawu. Anati bwana, kudina n'kosavuta, chovuta n'kubwerera kumchira mwana ali kumsana. Anati awa ndi alamu anga, koma musawaone ngati alamu anga, muwaone ngati nambala imodzi mwa zija zili pagalasi. Tawauzeni nokha kuti ayambirenso.

Abwana anandiyang'ana, anayang'ana maso a mwana, n'kuyang'ana kudenga. Anafunsa kuti ndiye ukufuna chiyani iwe.

Alamu anati akufuna aphunzitse mlonda watsopano kuwerenga kalembedwe ka wakale. Munthu akabwera ndi kachizindikiro kakale, amutumize kwa kalaliki wake yemwe uja, n'kumupatsanso katsopano pambali. Wakale akhale chiyakire pafupi mpaka ataona kuti palibe akugwa.

Pali mnzawo wina wa ndevu zambiri, onse amangomutcha Ndevu. Iyeyo anati tizizindikiro takale tinalembedwa mokhotakhota ngati dzanja la dokotala, kuti udziwe kuti aka n'ka kalaliki uti ndi ntchito ya sabata. Alamu anati iwe Ndevu, ndevu zako zinatenga chaka kumera koma sitinadandaule, ine ndipatseni mpaka madzulo. Abwana anati wakale akafera m'manja mwako, khosi ndi lako. Alamu anagwira khosi lawo, amvekere ndi lomweli bwana, ndabwera nalo.

Ndinakhala pakona masana onse, mwana ali pamiyendo. Inu mumati si ntchito. Ine ndaona munthu akunyamula simenti ndipo ndaona mlongo wanu, sindikudziwa amene amatopa kwambiri. Tiyi anawabweretsera anazizira osamwedwa. Maso ali pagalasi, zala zikuthamanga ngati nkhuku zikutola mapira, milomo ikuyenda yokha. Nthawi zina ankalankhula ndi makinawo, amvekere usandichititse manyazi iwe, pali alendo.

Kenako anatolera mafoni a anthu onse, ya Ndevu, ya amayi ophika tiyi, mpaka ya mlonda wa pageti uja anayang'ana masilipasi anga. Anawayala patebulo. Anapanga kamzere kongoyeserera, foni iliyonse inalowa kudzera kwa mlonda wakale n'kulandira nambala. Kenako anazilowetsanso kudzera kwa watsopano kuti aone ngati azizindikire.

Ulendo woyamba zinakanika. Mafoni ena anabwerera pamalo pawo, ena anagwera kumchira. Ndevu anaseka, amvekere mlonda wakoyu anathawa sukulu. Alamu anangochotsa cholembera m'tsitsi n'kuyamba kuloza mzere ndi mzere. Patapita nthawi anamenya tebulo, anati ndasinthanitsa akalaliki awiri, wachiwiri ndamuyesa wachitatu, cholakwa n'changa. Ananena poyera choncho, anthu onse akumva, osanamizira makina.

Atakonza anayesanso. Foni iliyonse inabwerera pa nambala yake. Amayi ophika tiyi anaimba nthungululu ngakhale sankadziwa chimene akusangalalira.

Koma alamu sanatsegule chitseko chonse nthawi imodzi. Anayamba kulowetsa anthu enieni pang'onopang'ono ngati mmene umatsegulira mpopi ukamaopa kuti madzi akuthira. Pagalasi panali kamzere koonetsa anthu amene ataya malo. Anandiuza kuti kakakwera ndiye zavuta. Tonse tinangoti maso dwii. Kamzereko kanagona pansi osadzuka mpaka dzuwa kupendeka. Abwana anabwera, anaona, anamasula tayi. Ndevu anapita yekha kukawaphikira alamu tiyi wina, n'kubwera naye atagwira ndi manja awiri.

Tsopano ndikuuzeni pamene ndinachita manyazi. Anthu atabalalika ndinawanong'oneza kuti alamu, popeza makiyi ali ndi inu, bwanji mungomuika Kanyerere kutsogolo, tisavutike ndi foni. Anakana. Ndinapsa mtima, ndinati kodi awa si magazi anu?

Anandigwira dzanja. Anati popanda foniyo sangadziwe n'komwe kuti nambala yathu ndi iti. Ndipo ngakhale akanatha kupanga malo atsopano, nambala iliyonse pamenepo ndi mwana wa munthu. Akakweza wathu, wina atsika, ndipo mayi wakeyo sadzadziwa ngakhale khomo lokalirira. Anati malo amene unaima wekha ndikusungira ndi mano anga, koma a mwini sindikuba. Polankhula choncho misozi inali m'maso mwawo, mwana wanu atawagona pachifuwa.

Ndinachoka ndili chikwiyire. Koma m'basi pobwerera ndinakumbuka amayi aja a pabenchi, wina mwana wake wamkulu kuposa wathu, maso oyera mbee. Ndinazindikira kuti masana onse aja alamu ankamenyera iyenso, munthu amene sadzamuona. Mlongo wanu ndi munthu, bambo a Kanyerere. Sindikudziwa mawu ena.

Ndiye nkhani ili apa. Mlonda watsopano tsopano akudziwa kuwerenga kachizindikiro kathu, koma tizizindikiro timeneti sitikhala mpaka kalekale, timafa tokha. Alamu atawerengera kuchokera tsiku limene anamwino anadina, akuti kathu kafa Lachinayi sabata yamawa. Foniyo ikatsegula tsamba lisanafike tsikulo, ilandira katsopano ndipo malo athu akhala. Mmene nambala inkatsikira, akuti nthawi yathu ili pafupi kwambiri.

Ndinawafunsa kuti nanga ngati mwasesa kale? Anati ndiye tiyambira kumchira ngati wina aliyense, n'kudikira ulendo wina wa madokotala, umene palibe akudziwa tsiku lake. Ndimangodzilimbitsa mtima kuti munachoka Lolemba, ndipo inu ndi munthu wa dongosolo, simusesa pakati pa sabata. Chonde ndikhale kuti ndikukudziwani bwino mwamuna wanga.

Muchite chonchi. Foniyo ikhale chithimire. Simu khadi chotsani, musunge. Musampatse mnzanu uja amakonza mafoni ndi mswachi ndi sipiriti, ngakhale alumbire kuti angoyang'ana. Muikulunge mu sokosi yoyera, osati ya kuntchito, muipereke kwa adalaivala omwewa pobwerera. Koma ngati akapitawo angakuloleni, bwerani nayo nokha.

Ndinafunsa ngati simungangokwera phiri kukasaka netiweki n'kutsegula tsambalo nokha. Alamu anati zikhoza kutheka, koma iwo akudziwa chala cha achimwene awo, chimayabwa. Chikaona batani chidina. Mawuwa ndi awo, si anga, koma sindinatsutse.

Ndikudziwa simungakhale opanda foni kumeneko, olo yongomverera nyimbo zanu zija. Mu kathumba kamene adalaivala akupatseni muli foni ina. Ndi ya alamu yakale, anaitulutsa m'dirowa ine osapempha, anaitchaja okha, ndipo aikamo nyimbo zimene akuti munkaimba mukusesa pabwalo. Akuti ndikuuzeni kuti yachokera kwa Mabatani, ndipo imeneyo muisese mmene mungafunire, m'mawa, masana ndi madzulo.

Sindikukuuzani zochita ndi mlongo wanu, inu ndinu aakulu. Ndingoti tsiku limene foniyo ifike, tsambalo akufuna atsegule iwo, pa tebulo lawo, akuyang'ana kamzere kaja. Masitepe a nyumba ya magalasi si ambiri. Munthu amene amakwera mlatho wopanda zogwirira sangawalephere.

Mundiperekere moni kwa asuweni anu amene mumagona nawo tenti imodzi, muwauze kuti akazi awo ndinakumana nawo pamsika, ali bwino. Moni kwa akapitawo. Amayi eni nyumba akupereka moni. Kanyerere wapereka moni wa malovu, ndi kadontho mukuona pakona ya pepalali.

Mulungu akusungeni pamwamba pa mlathopo, akusungireni msana, ndipo akugwireni chala. Lamulungu lino pukutani nsapato, sesani tenti, sesani ngakhale phiri lonse. Foni yokhayo muisiye ndi zinyalala zake, chifukwa m'zinyalala zimenezo muli maso a mwana wanu.

Ndine mkazi wanu wokukondani,
Mayi a Kanyerere